Kodi Wopempha Malo ku Yunivesite Aulule Zolakwa Zace Zakale?

Akuru athu anati mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, ndipo masiku ano tiona mauwo ali kukwaniridwa pa ana athu. Anyamata ndi atsikana amene akhoza bwino mayeso a Fomu 4 sayang'ana ku Zomba kapena ku Mzuzu kokha ai. Ena aponya maso kutsidya kwa nyanja, ku Britain ndi ku America, napempha malo m'mayunivesite a kumeneko, pamodzi ndi thandizo la ndalama zolipirira maphunziro. Kuno kwathu osankha ophunzira a m'mayunivesite a boma ayang'ana makamaka mapointi a mayeso a MSCE. Koma kutsidyako kuli mwambo wina umene makolo ambiri a kumudzi sanaumve. Kumeneko mapointi okha sakwanira. Wopemphayo ayenera kulembanso kalata wodzifotokozera yekha, wonena za moyo wace, za nzeru zimene azifuna, ndi cifukwa cace ayenera kulandiridwa iyeyo pakati pa anzace zikwi zambiri. Angerezi amucha kalatayo personal statement.

Kalatayo ngwamfupi. Ku Britain, kumene pafupifupi mapempho onse a oyamba apitira ku bungwe limodzi lochedwa UCAS, malire ace ndiwo zilembo 4,000, ndiko kunena ngati tsamba limodzi lodzaza. Ndipo kuyambira ndi iwo olowa m'caka ca 2026 kalatayo wagawidwa kukhala mayankho a mafunso atatu. Ku America mayunivesite oposa 1,000 alandira pempho la mtundu umodzi, lochedwa Common Application, ndipo m'menemo nkhani ya wopemphayo siipitirira mau 650. Mwa mitu imene asankhapo ulipo wina womuitana kuti asimbe za nthawi imene anagwa kapena kulephera, ndi cimene anaphunzirapo.

Pamenepo ndipo pabuka funso limene tifuna kulisinkhasinkha pamodzi ndi awerengi athu mwezi uno. Ana athu si angelo. Mnyamata wina anacotsedwa pa sukulu cifukwa anali pakati pa iwo amene anaswa mazenera tsiku la cipolowe. Wina anagwidwa ndi kapepala m'cipinda ca mayeso, nataya caka cathunthu. Mtsikana wina anatenga pakati ali m'Fomu 2, nakhala kwao kufikira mwana ataleka kuyamwa, nabweranso ku sukulu, monga boma linalola kuyambira caka ca 1993. Alipo ndi wina amene anagonapo m'ndende. Onsewa anagwa, nauka, nagwira nchito ya sukulu ndi khama, ndipo lero akhala patsogolo pa kompyuta kuti alembe za moyo wao kwa anthu amene sanawaone nkhope. Kodi alembe zakalezo, kapena akhale cete?

Tikafunsa pabwalo tidzamva mayankho awiri. Ena adzati, Tsoka sasimba. Kodi munthu wopita kukafunsira mbeta ayamba ndi kuonetsa zipsera zace? Akhale cete mwanayo, pakuti anthu akutali sadziwa kanthu, ndipo palibe amene adzawauza. Ena, makamaka a mu Mpingo, adzati, Mlandu suola. Mkristu alibe cobisa. Alembe zonse, ndipo Mulungu adzamtsegulira khomo cifukwa ca kuona mtima kwace. Ife tiyesa kuti mayankho onse awiri aphonya. Loyamba liphonya poyesa kuti cinthu cikhala cabwino malinga sicidziwika. Laciwiri, ngakhale likoma m'makutu, liphonya pawiri: lisanganiza kukhala cete ndi kunama ngati ndi cinthu cimodzi, ndiponso lilonjeza m'dzina la Mulungu mphotho imene Iye sanailonjeze.

Tiyambe ndi kusiyana kwa kukhala cete ndi kunama, pakuti nkhani yonse yagona pamenepo. Tonse tidziwa mbiri ya Hananiya ndi Safira m'buku la Macitidwe. Ambiri poikumbukira ayesa kuti awiriwo analangidwa cifukwa sanapereke ndalama zonse za munda. Koma werenganinso bwino mutu 5, ndipo mudzaona kuti Petro mwini anamkumbutsa Hananiya kuti mundawo unali wace asanaugulitse, ndi ndalama zomwe zinali m'mphamvu yace ataugulitsa. Akadafuna akadasunga zonse, kapena akadapereka gawo ndi kunena poyera kuti ndi gawo, ndipo sipakadakhala mlandu. Chimo lace linali lakuti anabwera ndi gawo, nalionetsa ngati zonse. Ndipo mkazi wace, pofunsidwa maso ndi maso za mtengo wa mundawo, anabvomereza bodzalo. Mbiri ya moyo wa munthu ifanana ndi munda uja. Ndi yace. Sakakamizidwa kuitula yonse pa mapazi a mlendo ali yense. Cimene saloledwa ndico kutula gawo ndi kunena kuti ndi yonse.

Mwambo wa makolo athu unadziwa ici kale. Pamene ankhoswe akomana pa nkhani ya ukwati, sayamba kuwerenga mango onse amene mnyamatayo anaba ali mwana, kapena mbuzi zimene anazilekerera m'munda mwa eni. Ndipo palibe amene anganene kuti ankhoswewo ndi onyenga. Koma mnyamatayo akakhala ndi mkazi wina ku Johannesburg, ankhoswe nakhala cete, tsiku lakudziwika mudzi wonse udzati ananama, angakhale sanaturutse liu limodzi labodza. Cifukwa ninji? Nkhani ya mango siikhudza cimene mabanja awiriwo ali kupangana, koma ya mkazi winayo igwetsa pangano lonse. Tsono poyesa ngati cinthu ciyenera kunenedwa, sitiyang'ana kukula kwa manyazi ace. Tiyang'ana ngati cikhudza cimene mnzathuyo ali kutisungitsa.

Tibwere nao muyeso umenewu ku mapepala a yunivesite. Pa mapepalawo pali zinthu ziwiri zosiyana, zimene ana athu kawiri kawiri azisokoneza. Pali mafunso olunjika, ofuna Inde kapena Iai. Ndipo pali kalata uja, m'mene munthu asankha yekha conena. Za mafunso olunjika tiribe mau ambiri. Mwana akafunsidwa ngati anacotsedwapo pa sukulu, kapena ngati bwalo la milandu linampezapo wolakwa, ayankhe coona. Pamapeto pa pempho atsimikiza yekha kuti zonse walembazo nzoona, ndipo yunivesite ikapeza bodza ikhoza kumlanda malo, ngakhale atayamba kale kuphunzira. Apa ndi pamene anaima Safira.

Koma makolo adziwe kuti mafunso otere acepa m'zaka zapitazi, ndipo amene anawacepetsa ndiwo eni masukulu okha. UCAS inaleka kufunsa anthu onse za milandu ya kubwalo kuyambira ndi olowa m'caka ca 2019. Funsolo linatsalira iwo ofuna maphunziro onga a udokotala, unamwino ndi uphunzitsi, amene adzasungitsidwa ana ndi odwala. Common Application inacotsa funso la milandu ya kubwalo m'caka ca 2019, ndi la zilango za ku sukulu m'caka ca 2021, ngakhale yunivesite iri yonse ikhoza kufunsabe payokha. Cifukwa cimene ananena pocotsa funso laciwirilo ncoyenera kucimva. Anapeza kuti ana akuda a ku America anali kuyankha Inde moposa kawiri poyerekeza ndi ana a azungu, ndi kuti oyankha Inde ndiwo amene kawiri kawiri anali kulekera panjira, osatumiza konse pempho lao. Anafika pa funsolo, nataya mtima. Tsono ngati mwini nyumba wacotsa dala funso pakhomo pace, mlendo wosaliyankha sanabe kanthu. Koma mwanayo akumbukire kuti pepala lopemphera viza, ndico cilolezo colowera m'dzikolo, lifunsabe za milandu, ndipo pamenepo palibe pozembera.

Komatu liripo bodza lina losafuna mau abodza, ndipo ili ndilo likola ana anzeru. Mnyamata uja wa kapepala akhoza kulemba kalata wopanda liu limodzi lonama, koma wolukidwa mocenjera kuti wowerenga aganize kuti caka cotayikaco cinathera pa kusamala agogo ace odwala. Agogowo anadwaladi, iye nawatungiradi madzi. Koma si cimene cinamkhalitsa pakhomo. Kapena akhoza kumanga kalata yense pa kukhulupirika kwace, ndi kunena kuti kuyambira ubwana sanakonde njira zacidule. Uku ndiko kutula gawo ngati zonse. Wolembayo adzifunse cotere: Wowerenga akadzamva mawa cimene sindinalembe, kodi adzati, Ici sindinacidziwe, kapena adzati, Mwana uyu anandipusitsa? Akati sanacidziwe, palibe mlandu, pakuti palibe munthu adziwa zonse za mnzace. Akati anapusitsidwa, kalatayo ang'ambidwe, alembedwe wina.

Tsopano titembenukire kwa abale athu amene ati mwana aulule zonse. Tiwalemekeza, pakuti aopa bodza. Koma kuulula chimo kuli ndi malo ace ndi eni ace. Mwini woyamba ndiye Mulungu, waciwiri ndiye munthu amene tinamlakwira. Zakeyu pamene anatembenuka mtima sanalembe kalata ku Roma. Analonjeza kubwezera kanai kwa iwo amene anawanyenga. Mnyamata wa mazenera ali ndi mangawa kwa mphunzitsi wamkuru, ndi kwa atate ace amene anagulitsa mbuzi kuti alipire magalasi. Kwa munthu wokhala mu ofesi ku London kapena ku Boston alibe mangawa otere. Iyeyo sanasweredwe zenera, ndipo alibe mphamvu yakukhululukira. Ife ticita mantha ndithu pamene tiona mwana amene sanapite konse kukapepesa kwa mphunzitsi wace, koma alemba mau 650 okoma a cisoni cace kwa anthu osamdziwa.

Pakuti apa pali msampha umene akale sanaudziwe. Popeza masukulu ena aitana nkhani ya kugwa ndi kuuka, kwabuka alangizi, pa intaneti ndi m'matauni, amene aphunzitsa ana kuti mbiri ya misozi igula malo. Potero kulapa kusanduka malonda. Mwana asankha mwa zolakwa zace cimene cidzaoneka bwino, nacisambitsa, nacidzoza mafuta, napita naco kumsika. Ndipo amene colakwa cace ncacing'ono ayamba kucikuza, kuti cifanane ndi za anzace. Wotere wanena zoona ndi pakamwa, koma mtima wace waphunzira kanthu koipa koposa kubisa, ndiko kuyang'ana chimo lace ndi kufunsa, Kodi ndipindula nalo bwanji? Ife tiyesa kuti mwana wokhala cete cifukwa ca manyazi ali pafupi ndi kulapa koona kuposa uyo wadziwa kulemba manyazi ace mokoma.

Tisaiwalenso kuti colakwa ca munthu kawiri kawiri sicikhala cace yekha. Mtsikana uja akasimba zonse, asimbanso za mwamuna uja, ndi za amace, ndi za mwana wace amene sanafunsidwe. Ndipo kalatayo adzawerengedwa ndi anthu angapo, nasungidwa m'makompyuta kumene wolembayo sangathe kumfafaniza. Tinenenso ici poyera, popeza ena aciiwala: mwanayo si colakwa ai. Amai ace akafuna kumchula m'kalata, amchule monga mwana amene amlera pamodzi ndi kuwerenga mabuku usiku, pakuti cimeneco ncoona ndiponso ncolemekezeka.

Kodi tsono palibe nthawi yoyenera kulemba colakwa cosafunsidwa? Iripo. Paulo anasimba pamaso pa mfumu Agripa kuti kale anazunza Mpingo, cifukwa popanda ico ulendo wace wonse sukadamveka. Koma poyankhula ndi anthu a ku Atene sanacichule konse. Momwemonso munthu amene anagona m'ndende, naona m'menemo anzace okhala nthawi yaitali osaweruzidwa, ndipo cifukwa ca ico afuna kuphunzira malamulo, sangathe kufotokoza cifuno cace atacotsapo ndendeyo. Colakwaco ciri muzu wa pempho lace. Nthawi yina ndi pamene mapepala eni aonetsa mpata, monga zaka ziwiri zosowa, kapena sukulu yosinthidwa pakati pa caka. Wowerenga adzadzaza yekha mpatawo, kapena ndi zoipa zoposa zimene zinacitika. Pamenepo nkwabwino kunena, koma mwacidule: cimene cinacitika, caka cace, cilango cimene analandira, ndi zimene wacita kuyambira pamenepo. Mizere itatu kapena inai ikwanira. Asakankhire mlandu kwa anzace oipa kapena kwa mphunzitsi wankhanza, ngakhale analipodi. Ndipo asadzitukwane yekha ngati wofuna kucititsa cisoni. Common Application iri ndi malo apadera olembapo zotere, kuti kalata mwini atsalire nchito yace, ndiyo kuonetsa nzeru zimene mwanayo azikonda.

Catsala ndi lonjezo lija lakuti wonena zoona khomo lidzamtsegukira. Tikhumba cikadakhala cotero. Koma pali mbiri ziwiri za yunivesite imodzi, ya Harvard ku America, zimene zitiletsa kulonjeza. M'caka ca 1995 Harvard inalandira mtsikana wina wanzeru kwambiri. Pambuyo pace munthu wosadzichula dzina anatumiza ku sukuluko zodulidwa m'nyuzi zakale, zoonetsa kuti m'caka ca 1990, ali ndi zaka 14, mtsikanayo anapha amace ku South Carolina, nalangidwa monga mwana. Iye sanalembe za ici m'pempho lace. Harvard inabweza mau ace, nimlanda malowo. Anthu a ku America anagawikana pa nkhaniyo: ena anati anabisa cinthu cacikuru, ena anati milandu ya ana itsekeredwa dala kuti mwana ayambenso moyo. Kapena wina adzati, Mwaona, mlandu suola, akadaulula. Koma imvani yaciwiri. M'caka ca 2017 mai wina anaturuka m'ndende ya ku Indiana, atakhalamo zaka zoposa 20 pa mlandu wakupha mwana wace. M'ndendemo anaphunzira, nafufuza mbiri yakale ya ndendeyo, nalemba zimene akatswiri a mbiri yakale anazitama. Popempha malo sanabise kuti ali wandende. Aphunzitsi a mbiri yakale a ku Harvard anamsankha, koma akuru a pamwamba anakaniza. Ndipo mwa zifukwa zimene zinamveka cimodzi cinali cakuti sanafotokoze mlandu wace mokwanira. Wokhala cete anakanidwa, wonena anakanidwanso.

Milandu iyi njoopsa, yoposa kutali mazenera ndi timapepala ta ana athu, ndipo sitiichula kuti tiweruze akazi awiriwo. Tiichula kuti makolo aleke kuuza ana kuti coonadi ndi mankhwala otsegulira zitseko. Mwana amene anena zoona cifukwa anamlonjeza malo, tsiku lakumanidwa malowo adzayesa kuti ananyengedwa, ndipo ulendo wina adzanama. Nkwabwino kumuuza poyera kuti yankho loona likhoza kumtayitsa sukulu imene anailakalaka, ndi kuti ayankhebe. Cokha cimene tingaonjezepo ndi ici, kuti masukulu ndi ambiri: woyamba uja analandiridwa ku Tufts, ndi waciwiri ku New York University.

Tiri ndi mau kwa anzathu aphunzitsi, makamaka akuru a masukulu, pakuti pafupifupi pempho liri lonse lipita pamodzi ndi kalata wa umboni wocokera kwa wina womdziwa mwanayo. Pamene Saulo anafika ku Yerusalemu atatembenuka, ophunzira anamuopa, osakhulupirira kuti ali mmodzi wa iwo. Amene anacotsa manthawo ndiye Barnaba, pomtenga ndi kupita naye kwa atumwi, namnenera. Nkobvuta kuti munthu adzicitire yekha umboni wa kusinthika kwace, pakuti wosinthika ndi wonyenga alemba mau ofanana. Cifukwa cace mwana amene ali ndi mbiri yotere asalembe ali yekha usiku. Apite kwa mphunzitsi wace, apangane cimene cidzanenedwa ndi amene adzacinena, kuti makalata awiriwo asatsutsane. Mphunzitsiyo sayenera kunama pofuna kumthandiza, ndipo akafunsidwa molunjika ayankhe monga tanena kale. Koma ali naco cimene mwanayo alibe, ndico maso amene anaona zaka zotsatira. Akhoza kulemba cotere: Mnyamata uyu anacotsedwa pa sukulu yina m'caka cakuti cifukwa ca kuswa mazenera; anabwera kwa ife caka cotsatira; takhala naye zaka ziwiri; ndipo caka catha tinamsungitsa makiyi a nyumba ya mabuku.